Tidakasaka chitini cha agogo ku Dedza

Kwathu mwana aliyense adakula akumva nkhani ya chitini cha agogo. Amati agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, atabwerako ku Salisbury komwe adagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri, adatsegula kagolosale m'mudzi mwathu, kupitirira pang'ono mphambano ya ku Bembeke, kufupi ndi malire a Mozambique. Ndalama za pagolosalepo ankaziponya m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchikwirira pansi. Adamwalira mwadzidzidzi asadaulule pomwe chidali. Nyumba idagwa, pamalopo anthu adayamba kulimapo, koma nkhaniyo idakana kufa. Pamaliro paliponse, moto wa pasiwa ukayamba kuzilala, sipalephera wina woikumbutsa.

Ine ndinkaitenga ngati nthano chabe mpaka pomwe mnzanga wina amene adatchona ku Johannesburg adabwerako ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. Ntchito idali itamuthera kumeneko, ndipo pa katundu yense amene adabwera naye, makinawo ndiwo ankawadalira. Mudamvapo inu za anthu oyenda m'midzi kufunsa ayironi yakale ya makala yokhala ndi tambala pamwamba, kapena ndalama za Ajeremani, amvekere muli mekyule wogulira nyumba? Mtchona wathuyu nkhani zimenezo adali atazimeza zonse. Nditangomuuza za chitini, adati: "Aise, ukugonabe chiyani? Loweruka lomweli tinyamuke."

Tidanyamuka anthu anayi: ine, mtchonayo, mnzathu wina mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, ndi mwini galimoto amene adati za makobidi alibe nazo ntchito, iye akufuna mbatata ya kachewere yotchipa. Udali mwezi wa July. Tidasankha nthawiyi poti minda imakhala yokololakolola, palibe angatinene kuti tikupondereza mbewu. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1. Tidadutsa Nathenje, tidaoloka Diamphwe, tidaima pa Chimbiya kudya kanyenya, kenaka galimoto idayamba kukwera. Dedza ndi tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'dziko muno, pafupifupi mamita 1 600, ndipo phiri lake limafika mamita 2 198. Kuzizira kwa kumeneko mu July sikufuna wokuuza. Mtchona, amene ankatinyoza kuti chisanu chenicheni sitikuchidziwa, adali woyamba kupempha jekete.

Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, ndiwo adatsala pamalo a agogo. Atamva chomwe tabwerera adaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, amalume ako adakumba pano ndi makasu mpaka matuza. Ndiye chindodo chimenechi ndicho chikaone pansi?" Komabe adatilola, koma adati tisakhudze dothi tisadakaonekere kwa amfumu. Tidapita, tidakhala pansi, tidapereka kangachepe. Amfumu adatimvetsera modekha, n'kutipatsa nyakwawo mmodzi woti aziyenda nafe. Malamulo adali awiri: dzenje lililonse tikwirire, ndipo kumsitu wa kumunsi kwa mudzi tisayandikireko.

Makinawo ndi ndodo yokhala ndi mbale kumapeto. Mbaleyo imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka, ikakumana ndi chitsulo makina amalira m'makutu. Kandalama kamodzi amakamva ngati kali pafupi, mwina kuya kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Chinthu chachikulu ngati chitini amachimva chili pansi kuposa apo. Chomwe mtchona sadatiuze n'chakuti makinawo salekanitsa bwino chuma ndi zinyalala. Dothi la katondo nalonso lili ndi chitsulo chakechake, moti ola loyamba ankangolira paliponse ngati mwana wa njala, mpaka tidawachepetsa mphamvu.

Pofika masana tidali ndi misomali yodzadza chipewa, zitsekerero za mabotolo, chidutswa cha tcheni ya njinga, supuni yopindika ndi loko wadzimbiri. Ana a m'mudzi adatizungulira, aliyense akulosera. Makina akalira, onse kuti zii. Chikatuluka chitsekerero, phwando la chiseko.

Chakumadzulo, cha pomwe amayi aakulu adati padali khonde la golosale, makina adalira mosiyana, kamawu kakafupi koma komveka bwino. Aphunzitsi adapala dothi ndi manja. Chidatuluka chinthu chozungulira, chakuda, chobowoka pakati. Nditachipukuta ndi malovu zidaoneka njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowolo, kuseri kwake mawu akuti Rhodesia and Nyasaland ndi chaka cha 1957. Khobidi la nthawi ya chitaganya. Pasadathe ola tidapeza ena awiri pamalo omwewo, komanso tiki mmodzi, kandalama kakang'ono ka makobidi atatu kokhala ndi duwa.

Achinyamata ambiri lero sadziwa kuti dziko lino lidagwiritsapo ntchito mapaundi, masheleni ndi makobidi. Makobidi 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo ndalama zake zachitsulo zidayamba kutuluka mu 1955: theka la khobidi lidali ndi akadyansonga, sheleni idali ndi mphalapala, ya masheleni awiri idali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Mu 1964 Malawi idatulutsa zake zokhala ndi nkhope ya Kamuzu: tambala pa sikisi, chimanga pa sheleni, njovu pa ya masheleni awiri. Kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971. Kwacha imodzi idali masheleni khumi, choncho sheleni idangosanduka 10 tambala, sikisi n'kukhala 5 tambala. Khobidi ndilo lidasowa mnzake, chifukwa silinkakwana tambala imodzi. Aphunzitsi adati ngati chitini cha agogo chilipodi, tisadabwe kupeza kuti mudadzadza makobidi otere, ndalama za wogula mchere ndi machesi. Mtchona sadayankhe.

Amayi aakulu adalandira khobidilo m'manja mwawo n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati ali kamtsikana, bambo awo ankatunga makobidi otere pachingwe, khumi ndi awiri khumi ndi awiri, kuti asavutike kuwerenga usiku pa nyali ya koloboyi. Iwo ntchito yawo idali kugwira nsonga ya chingwecho. Tsiku lina chingwe chidawapulumuka, makobidi n'kumwazika pakhonde ponse, ena kulowa m'ming'alu ya dothi. Adakwapulidwa. "Mwina ndi omwewa," adatero, uku akulitembenuza. Ndakhala ndikuwadziwa moyo wanga wonse amayi amenewa, koma nkhani imeneyi ndidali ndisadaimvepo, ndipo mayi anga omwe sankaidziwa.

Tsiku lachiwiri tidatsikira kumunda wa kumadzulo, woyang'ana ku Angonia. Kuno msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti munthu ukhoza kugula tomato ku Mozambique galimoto ili ku Malawi. Kumeneko makina adatulutsa makoko atatu a zipolopolo. Nyakwawa sadadabwe. Adatikumbutsa za zaka za m'ma 1980, pomwe nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira anthu oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, ambiri mwa iwo m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Adatiloza pomwe padali misasa ya othawa kwawo, pomwe tsopano pali mizere ya kachewere. Nkhondoyo idatha ndi pangano la ku Rome mu October 1992, ndipo dziko la Mozambique lidalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika. Ngakhale zili choncho, mwini galimoto adati iye sapitirira pamenepo. Kuyambira apo aliyense ankapala dothi mwaulemu.

Vuto lidabuka dzuwa litapendeka. Pobwerera kumudzi tidadzera njira yodutsa m'mphepete mwa msitu uja. Mtchona sadazimitse makina, kaya mwadala kaya moiwala. Mapazi ochepa kuchokera pamitengo yoyamba, makina adalira kulira komwe tidali tisadakumve chiyambire, kwamphamvu, kotambalala. Chinthu chachikulu.

"Ndi chimenechi!" adatero mtchona, akuvula jekete.

Nyakwawa adaponda pamalopo. "Achimwene, apa ayi."

"Koma bambo, msitu uli apo. Pano ndi panjira."

"Njirayi yabwera dzulodzulo. Manda adayambira pomwe mwaimapo."

Amene mudakulira m'midzi ya Achewa mukudziwa kuti msitu wa manda si malo wamba. Ndi mudzi wa makolo, ndiponso ndiko kumakhala dambwe. Kale munthu ankaikidwa ndi zinthu zake, mbale, khasu, mkondo, nthawi zina ndi ndalama zomwe, ndipo manda akale sadali ndi ziliza. Chimene makina ankamvacho chikadatha kukhala chitini cha agogo, inde. Chikadathanso kukhala mbale ya munthu amene zidzukulu zake zidali pomwepo zikutiyang'ana.

Mtchona adandikokera pambali. Adati tibwerenso usiku, palibe angadziwe. Adandikumbutsa ndalama za mafuta zomwe adaika, lendi yomwe adali asadalipire, ana ake awiri. Sadali kunama, ndipo ndivomere kuti mtima wanga udagwedezeka. Chidandibweza si mantha a mizimu ayi. Ndidaganiza za amayi aakulu. Ife Lolemba tikadakhala tili ku Lilongwe, iwo n'kutsala ndi mlandu pabwalo la amfumu, ndi dzina loti ana a pabanja paja amafukula manda. Mbuzi ya chindapusa ikadapezeka, koma ndani akadabweranso kudzawathandiza pa zovuta? Ndidamuuza kuti sizitheka. Adanditchula mawu amene sindingawalembe m'nyuzipepala.

Usiku umenewo tili pamoto, aphunzitsi adawonjezera mfundo yomwe enafe sitinkaidziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, lomwe limaletsa kukumba pofunafuna zinthu zamakedzana popanda chilolezo cha boma, ndipo wotola chinthu chotere amayenera kudziwitsa akuluakulu oona za mbiri yakale. Kutola makobidi pakhonde la agogo ako ndi nkhani ina, adatero, koma Dedza si boma loti munthu uzingokumba paliponse. Kumunsi kwa phiri, cha ku Mtakataka, kuli Mankhamba, komwe kudali likulu la a Kalonga a Amaravi. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi adakumbako mwadongosolo n'kupeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ngakhalenso zidutswa za mbale za ku China. Zinthu zimenezo zidatha kufotokoza mbiri chifukwa chilichonse chidalembedwa pomwe chidapezeka, kuya kwake ndi zomwe chidagona nazo. Munthu wa makina ngati athuwa akadafikako poyamba, akadazula zamkuwa zokhazo, zotsalazo n'kuzisakaniza ngati manyowa.

Ine pamenepa ndili kumbali ya aphunzitsi, ngakhale ndikudziwa kuti n'kosavuta kulankhula zosunga mbiri uli ndi malipiro a pamwezi. Makina otere ayamba kupezeka, ndipo mphekesera za mekyule sizikutha. Mfumu ya kwathu idatipatsa nyakwawa; si midzi yonse imene ingachite zimenezo, ndipo si alendo onse amene angayambe aonekera kwa amfumu.

M'mawa mwake pobwerera tidapatukira ku Chongoni, poti aphunzitsi adaumirira. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira amati adajambula ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina za gule wamkulu. Tidakwera ku Chentcherere, komwe J. Desmond Clark adakumbako m'zaka za m'ma 1970. Makina tidawasiya m'galimoto, pansi pa matumba awiri a kachewere. Pathanthwe limodzi pali maina a anthu a masiku ano olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula zakalezo, ndipo mtchona, amene adali asadandilankhule chichokereni kumudzi, ndiye adayamba kutukwana amene adalembawo.

Titafika ku Lilongwe tidafufuza mitengo ya zomwe tidapeza. Makobidi a njovu adapangidwa ochuluka kwambiri, ndipo athuwa adali odyeka ndi dothi, moti onse pamodzi sakadabweza ngakhale ndalama ya kanyenya wa pa Chimbiya. Tidagawana: aphunzitsi adatenga limodzi lokaonetsa ana m'kalasi, mtchona adatenga tiki, ine limodzi. Makina adawagulitsa patatha miyezi iwiri, ndipo tsopano akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Timalankhulana, koma za msitu uja sitizitchula.

Khobidi la 1957 lidatsala kumudzi. Nditapitako pa Khirisimasi ndidapeza amayi aakulu atalitunga pachingwe pamodzi ndi kiyi wa chitseko chawo. Adandifunsa ngati mnzanga wa chindodo uja adzabwerenso, chifukwa akumbukira kuti kuseri kwa golosale kudali khola la nkhunda, ndipo bambo awo ankakonda kukhala kumeneko okhaokha madzulo.