Mnzathu Akatuluka m'Bizinesi, Msonkho ndi wa Yani?

Tiyerekeze kuti anthu atatu anasonkherana ndalama nagula chigayo pa Nsaru. Patapita zaka, mmodzi wafuna kutuluka kuti akalime fodya kwawo ku Kabudula. Ambiri amaganiza kuti akangolandira gawo lake, nkhani ya msonkho yatsalira anzake awiri aja. Sizili choncho ayi.

Lamulo la msonkho m'Malawi silidula gulu lotere msonkho wa phindu monga lichitira ndi kampani. Limayang'ana munthu aliyense payekha ndi gawo lake. Choncho wotulukayo ayenera kuuza bungwe la MRA, lomwe linayamba kutolera misonkho mu 2000, phindu limene linamugwera kufikira tsiku lotuluka. Mpamba umene anaikamo ukabwezedwa, umenewo si phindu. Koma akalandira zoposa mpambawo chifukwa chigayo chinakwera mtengo, zapamwambazo zingathe kudulidwa msonkho.

Abale ndi alongo, apa mpamene chibale chimathera, makamaka ngati buku la ndalama silinkasungidwa. Tsiku lotuluka lilembedwe, onse asayine pamaso pa mboni, ndipo otsalawo adziwitse MRA. Ngongole zakale za chigayo, monga ya magetsi, zimamutsatabe wotulukayo pokhapokha eni ngongole atavomera kumumasula.