Chifukwa chake wonyoza filimu amamveka wanzeru

Ku Area 8 ku Glen View, mu Harare, kumene akalipentala amakhoma masofa, mabedi ndi makabati kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, wogula wongoti "mpando wokongola uwu" amaoneka mlendo pa malonda. Koma wina akapisa dzanja kunsi kwa mpando n'kunena kuti thabwa ndi laliwisi, onse amatchera khutu, ngakhale munthuyo asanagwirepo hamala chibadwire. Khalidwe limeneli lalowanso m'mafoni. Madzulo mukombi yochokera m'tauni, anthu amawerenga zimene anzawo alemba pa Facebook, pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp zokhudza filimu kapena sewero latsopano. Oyamikira akhoza kukhala khumi, koma mawu otsalira m'mutu ndi a mmodzi uja wati: "Zaziii, musawononge bandulo yanu."

Akatswiri ofufuza kaganizidwe ka anthu analiyesa khalidweli kalekale, intaneti isanafike m'manja mwathu. Mu 1983, Teresa Amabile, yemwe panthawiyo anali pa Brandeis University ku America, anapatsa ophunzira ndemanga za mabuku zochokera m'nyuzi ya New York Times, ina yoyamikira, ina yodzudzula. Owerengawo anati wodzudzula uja ndi wanzeru komanso wodziwa za mabuku kuposa woyamikira, ngakhale anavomereza kuti si munthu woti ungamukonde. Chochititsa chidwi n'chakuti maganizo awo sanasinthe ngakhale pamene ndemanga yoyamikira inali yolembedwa bwino koposa. Amabile anatcha lipoti lake Brilliant but Cruel. Nkhanza zinkaoneka ngati nzeru.

Gwero lake lili m'mutu mwathu momwemu. Mu 1998, Tiffany Ito, John Cacioppo ndi anzawo anamata timawaya pamitu ya anthu kuti ayeze mphamvu ya magetsi ya muubongo, kenako n'kuwaonetsa zithunzi: zina zosangalatsa monga galimoto yapamwamba, zina zoipa monga nkhope yovulazidwa, zina zopanda kanthu monga mbale. Ubongo unkadzidzimuka kwambiri ndi zithunzi zoipa kuposa zokoma, ndipo izi zinkachitika sekondi imodzi isanathe, munthu asanayambe n'kuganiza komwe. Mu 2001, Roy Baumeister ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza maukwati, ndalama, maubwenzi ndi maphunziro, ndipo pafupifupi paliponse anapeza zofanana: choipa chimodzi chimalemera kuposa chabwino chimodzi cha msinkhu womwewo. Akatswiri ambiri amati tinatengera kwa makolo akale. Amene ananyalanyaza chipatso chakupsa anangogona ndi njala, koma amene ananyalanyaza kuthyoka kwa udzu m'tchire sanabwerere kumudzi.

Palinso china. Woyamikira timamukayikira: mwina wopanga filimuyo ndi msuweni wake, mwina amugulira kenakake, mwinanso ndi munthu wosavuta kusangalatsa. Wodzudzula timamuona ngati alibe chopindula, choncho timati akunena zoona. Apa m'pamene timapusitsika, chifukwa masiku ano kunyoza kuli ndi phindu lake. Kafukufuku amene anatuluka mu 2023 m'magazini ya Nature Human Behaviour anaunika mitu ya nkhani yoposa 100,000 ya kampani ya Upworthy, ndipo anapeza kuti liwu lililonse loipa lowonjezera pa mutu wa nkhani linkakweza chiwerengero cha otsegula nkhaniyo ndi pafupifupi 2.3 peresenti. Amene amadyera pa kuchuluka kwa omuonera safunika kuwerenga lipotilo. Foni yake imamuphunzitsa yokha.

Amene amalipira mtengo wake ndi opanga mafilimu, makamaka ang'onoang'ono. Mu 2003, Suman Basuroy ndi anzake anapeza kuti m'sabata yoyamba filimu itangotuluka ku America, ndemanga zoipa zinkachepetsa ndalama za matikiti kuposa mmene zabwino zinkazikwezera. Anapezanso kuti filimu yokhala ndi zisudzo zotchuka komanso ndalama zambiri imapirira kunyozedwako. Ndiye taganizirani za Cook Off, filimu ya Tomas Brickhill ndi Joe Njagu yojambulidwa mu Harare mu 2017 ndi ndalama zoyambira pafupifupi madola 8,000, imene mu 2020 inakhala filimu yoyamba ya ku Zimbabwe kulowa pa Netflix. Filimu yotere ilibe zikwangwani m'misewu yonse zoti ziitchinjirize. Imadalira zimene anthu akuuzana. Chimodzimodzi achinyamata ojambula masewero m'makomboni n'kuwaika pa YouTube.

Izi sizikutanthauza kuti odzudzula onse ndi ansanje. Mabanja a ku Glen View, Highfield ndi Mufakose amene agogo awo anachokera ku Nyasaland angakumbukire mkangano wa mu 2019 wokhudza The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Akunja anaiyamikira kwambiri, pomwe Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa cha zisudzo zina, kuphatikizapo Ejiofor mwiniwakeyo, chinkavuta kumva. Kudzudzula kumeneku kunali ndi mutu. Kunkaloza chinthu chimene aliyense wodziwa chinenerocho akanatha kudzimvera yekha, ndipo wolemba wa ku London kapena ku New York sakanachizindikira n'komwe. Ena mwa odandaulawo ankanenanso kuti nkhani yake ndi yokoma ndipo anaionera mpaka kumapeto. Ofufuza ena, Ryan Hamilton, Kathleen Vohs ndi Ann McGill, anaonetsa mu 2014 kuti wodzudzula amene wayamba ndi mawu aulemu, ofewetsa chimene akufuna kunena, owerenga amamukhulupirira komanso kumukonda kuposa wongolalata.

Mu 2019 momwemo kunachitikanso zosiyana ndi zimenezi. Filimu ya Captain Marvel isanatuluke n'komwe, gulu la anthu okwiya ndi zoyankhula za Brie Larson, yemwe anasewera mbali yaikulu, linakhamukira pa tsamba la ndemanga za mafilimu la Rotten Tomatoes kukaigwetsa. Anthu ankanyoza filimu imene sanaione. Eni ake a Rotten Tomatoes analetsa ndemanga za anthu wamba filimu isanatuluke, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anayamba kuika patsogolo mavoti a anthu amene pali umboni woti anaguladi tikiti.

M'gulu la WhatsApp la anthu a mumsewu umodzi ku Glen View 3 mulibe woona matikiti. Wina akalemba kuti sewero latsopano ndi lachabechabe, omwe ali m'gululo okha ndi amene angamufunse kuti waonera mpaka pati, nanga chalakwika ndi mawu, kujambula kapena nkhani yake.