Glaucoma: mankhwala ake amasunga maso otsala

Odwala glaucoma amakonda kundifunsa kuti, "Adokotala, ndadontheza mankhwalawa miyezi yonseyi, bwanji sindikuona kusintha?" Ndimawauza kuti kusasinthako ndiye ntchito ya mankhwalawo. Ng'ala timaichotsa, mawa lake munthu n'kumawerenga Baibulo. Koma glaucoma imadya mtsempha wa diso wopita ku ubongo, ndipo pamene yadya sipabwereranso.

M'diso mumapangidwa timadzi tosiyana ndi misozi, timene timatulukira pa kasefa kali m'mphepete mwa mbali yakuda ya diso. Kasefako kakamatsekeka pang'onopang'ono, pulesha ya m'diso imakwera. Mwa anthu ambiri pulesha imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg, ngakhale ena mtsempha umawonongeka isanadutse pamenepo. Nthawi zambiri diso silipweteka, silifiira. Kuona kumayamba kuthera m'mbali: agogo akulowetsa ulusi pa singano bwinobwino, koma njinga yochokera kumanzere saiona.

Thandizo lonse ndi lotsitsa pulesha. Timolol amadontheza m'mawa ndi madzulo, koma wodwala mphumu kapena amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono anene msanga, chifukwa mankhwalawa akhoza kumubanikitsa. Latanoprost ndi kamodzi usiku. Dontho limodzi ndi lokwanira. Mukadontheza, tsinzinani, dinikizani ndi chala pangodya ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri, kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Ngati mabotolo ali awiri, dikirani mphindi zisanu musanadontheze linalo.

Mabotolo amatha, ndalama imavuta, chipatala chili kutali. N'chifukwa chake kafukufuku wa ku Moshi, Tanzania, amene anatuluka mu 2021, anatisangalatsa: laser yotchedwa SLT inatsitsa pulesha mwa odwala ambiri kuposa timolol pakutha pa chaka. Zikakanika zonsezi, pali opaleshoni ya trabeculectomy, yotsegulira timadzi kanjira kena.

Nanga tidziwa bwanji kuti matenda aima? Wodwala sangazimve yekha. Akabwera timayeza pulesha, timaunika mtsempha, kenako timamuika pa makina amene amadina batani akaona kakuwala pambali. Zotsatira za lero zimalankhula pokhapokha tikaziika pafupi ndi za chaka chatha, ndiye kabuku ka kuchipatala musamakasiye kunyumba. Musagulenso mankhwala a m'maso mwachisawawa diso likayabwa: okhala ndi steroid akhoza kukweza pulesha.

Nthendayi imayenda m'magazi, ndipo anthu akuda imatigwira msanga kuposa azungu. Ndikaipeza mwa bambo mmodzi, ndimawatuma kuti akaitane achimwene, achemwali ndi ana awo, makamaka opitirira zaka 40, akayezetse ku Lions Sight First ku Blantyre, ku Kamuzu Central, ku Nkhoma kapena kwa wa maso pa chipatala cha boma lawo. Amene akuti "ine ndimaona bwino" ndi amene ndikumufuna kwambiri, chifukwa ndiye ali ndi zambiri zoti tipulumutse.