Mphunzitsi wopuma amene anajambula fumbi la ku Mars

Anthu oyamba atatera pamwezi pa 20 July 1969, Alma Thomas anali ndi zaka 77. Anali atapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Shaw Junior High School mumzinda wa Washington, ku America, komwe anaphunzitsa ana luso la zojambula kwa zaka 35. Manja ake anali atagwidwa ndi nyamakazi. Komabe ankatsatira nkhani za maulendo a kumwezi pa wailesi ya kanema ndi m'manyuzipepala, ndipo pasanathe zaka zinayi anali atatulutsa zithunzi za penti zimene lero zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo za luso m'dzikolo.

Mayiyu anabadwira ku Columbus, m'chigawo cha Georgia, mu 1891, pa nthawi imene munthu wakuda kumeneko sankawerengeredwa. Banja lake linasamukira ku Washington mu 1907, ndipo mu 1924 iye anakhala woyamba kulandira digiri ya zojambula pa Howard University. Kutchuka kunamupeza atakalamba kale. Mu 1972, ali ndi zaka 80, anakhala mayi wakuda woyamba kukhala ndi chionetsero chakechake ku Whitney Museum mumzinda wa New York.

Ukayang'ana zithunzi zakezo suona nkhope ya munthu, suonanso chombo chojambulidwa bwinobwino. Umangoona tizigamba ta penti, tosanjidwa m'mizere kapena m'mikombero, pakati pake pakusuzumira mtundu wina wapansi. Wongodutsa akhoza kunena kuti ngakhale mwana angathe zimenezi. Ine ndikutsutsa. Mitundu imene mayiyu anasankha sinali yongolota. Pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi chifukwa chake kumwambako, ndipo zifukwazo n'zimene ana athu amavutika nazo m'kalasi ya sayansi.

Tiyambe ndi chithunzi cha mu 1970 chotchedwa Snoopy Sees Earth Wrapped in Sunset. Snoopy linali dzina la kachombo ka ulendo wa Apollo 10, kamene mu May 1969 kanatsika mpaka kutsala makilomita pafupifupi 15 kuti kagunde nthaka ya mwezi, n'kubwerera osatera. Pachithunzicho dziko lathu ndi chinthu chobulungira chodzaza mizere yofiira, ya olenji ndi yachikasu, ngati lonse lakutidwa ndi dzuwa lolowa.

Kufiira kwa dzuwa lamadzulo kumachokera kuti? Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma muli mitundu yonse ya utawaleza. Mtundu uliwonse umayenda m'mafunde a msinkhu wakewake: a buluu ndi aafupi, ofiira ndi aatali. Kuwalako kukamadutsa mumpweya wozungulira dziko, tinthu ting'onoting'ono ta mpweyawo timamwaza mafunde aafupi pafupifupi kasanu kuposa mmene timamwazira aatali. Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi katswiri wa ku England, Lord Rayleigh, mu 1871. Ndiye masana buluu uja amamwazikira mbali zonse, n'kutifika m'maso kuchokera kulikonse kumene tayang'ana, ndipo thambo lonse limaoneka la buluu. Madzulo dzuwa likapendeka, kuwala kwake kumadutsa mumpweya mtunda wautali kwambiri kusanatipeze. Buluu amathera m'njira. Zotsala ndi zofiira ndi zachikasu zija.

Kuno kwathu timazionera pafupi mu September ndi October. Tchire likamapsa, fumbi lili tolotolo, dzuwa limasanduka chimbale chofiira lisanafike n'komwe pamapiri. Utsi ndi fumbi zimakhala zawonjezera ntchito yotchinga ndi kumwaza kuwala. Kukongola kwake kulipo ndithu, koma mpweya umene ukufiiritsa dzuwawo ndi womwewo umene ukulowa m'mapapo mwa odwala mphumu.

Mpweyawu si wochuluka monga timaganizira. Dziko ndi lotambalala makilomita oposa 12,700 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, koma gawo lalikulu la mpweya wake lili m'makilomita 11 oyambirira kuchokera pansi. Ukakwera makilomita 100 basi, akatswiri ambiri amati wafika kale kunja. Kumeneko kulibe choti chimwaze kuwala, choncho thambo ndi lakuda bii ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mu Starry Night and the Astronauts, chithunzi cha mu 1972 chimene chili ku Art Institute of Chicago, Thomas anadzaza chinsalu chonse ndi tizigamba ta buluu wodera, kupatula kamalo kamodzi chakumwamba kudzanja lamanja komwe kuli timizere tofiira, ta olenji ndi tachikasu. Apa anatsata maso a munthu woima pansi usiku osati a woyenda m'chombo, ndipo sindimuweruza. Chinsalu chakuda chokhachokha chikanakhala choona, koma ndani akanaima kuchiyang'ana?

Pomwepa ndiyankheko funso limene okayikira za maulendo a kumwezi amakonda kufunsa: bwanji pa zithunzi za Apollo sipaoneka nyenyezi? Zithunzizo anazijambula masana a kumwezi, nthaka ndi zovala zoyera za oyendawo zikunyezimira ndi dzuwa. Kamera ikatcheredwa kuti igwire chinthu chowala chotero, kuwala kofooka kwa nyenyezi sikulowa. Yesani kujambula munthu pansi pa getsi lowala usiku ndi foni yanu, muone ngati nyenyezi zituluke.

Chithunzi chimene chimandikoka kwambiri ndi Mars Dust, cha mu 1972, chomwe chili ku Whitney. Chinsalu chonse ndi tizigamba tofiira tothithikana, ndipo m'mipata mwake mukusuzumira buluu wodera. Palibe phiri, palibe chigwa, palibe poti diso likhazikike. Izi n'zimene zinachitikiradi akatswiri a bungwe la NASA. Chombo chawo cha Mariner 9 chinafika ku Mars mu November 1971, n'kukhala choyamba kuzungulira pulaneti ina. Koma zithunzi zoyamba zimene chinatumiza zinali zopanda kanthu, chifukwa chimphepo cha fumbi chinali chitakuta pulaneti yonse. Pamwamba pa fumbilo pankangooneka timadontho tingapo takuda. Fumbi litayamba kudikha kumayambiriro kwa 1972, kunapezeka kuti timadonthoto tinali nsonga za mapiri akuluakulu ophulika. Limodzi mwa mapiriwo, Olympus Mons, ndi lalitali makilomita oposa 20, kuposa Everest kawiri ndi theka.

Fumbilo limafiira chifukwa cha dzimbiri. Nthaka ya ku Mars ili ndi chitsulo chochuluka chimene chinagwirana ndi oxygen kalekale, monga mmene zilili ndi dothi lathu la katondo. Ndipo fumbi limeneli si loseweretsa. Mu June 2018 chimphepo china chokuta pulaneti yonse chinatchinga dzuwa mpaka kagalimoto kofufuza ka Opportunity, kamene kankayendera mphamvu ya dzuwa ndipo kanali katagwira ntchito kuyambira 2004, kanasiya kulankhula mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti ku Mars mitundu ya thambo ndi yotembenuka. Masana thambo limakhala lofiirira motuwa chifukwa cha fumbi, koma dzuwa likamalowa, malo olizungulira amaoneka a buluu. Kagalimoto kena kotchedwa Curiosity kanajambula zimenezi mu 2015. Thomas anamwalira mu 1978, ndiye zithunzi za Curiosity sanazione. Sindikunena kuti analosera, koma buluu amene anaika pansi pa zofiira zake anapezeka kuti alikodi kumeneko.

Chatsala ndi The Eclipse, cha mu 1970, chimene chili ku Smithsonian American Art Museum. Pa 7 March chaka chimenecho kadamsana wathunthu anadutsa m'mbali mwa nyanja chakum'mawa kwa America. Pachithunzipo pali chibulunga chakuda chosakhala pakati penipeni, chozunguliridwa ndi mikombero ya mitundu imene ikunka ikuwala pamene ikutalikira. Kadamsana wotere amatheka chifukwa cha mwayi wa masamu: dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400 komweko. Choncho kwa ife ziwirizi zimaoneka zofanana kukula, ndipo mwezi ukadutsa pakati umalitseka ndendende. Pa mphindi zochepazo mpweya wotentha wozungulira dzuwa, umene asayansi amautcha corona, umaonekera ngati mphete yoyera. A ku Lusaka amene anali akuluakulu pa 21 June 2001 akukumbukira mmene kunadera masana dzuwa lisanalowe.

Chithunzi cha Thomas mukhoza kuchiyang'ana tsiku lonse, koma kadamsana weniweni amawononga maso. Kumbuyo kwa diso kuli kakhungu kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala. Kakhungu kameneka sikamva kupweteka, choncho munthu akhoza kukapsereza osadziwa, n'kuzindikira patapita maola angapo pamene pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana paoneka banga. Ena amachira pakapita miyezi, ena banga limakhala mpaka kalekale. Dzuwa likatsekeka mbali yokha m'pamene pali ngozi yaikulu, chifukwa kuwala kumachepa moti munthu amalimba mtima kuliyang'anitsitsa, pamene kachigawo kotsalako kakadali ndi mphamvu yowotcha.

Pa 25 November 2030 kadamsana wina wathunthu adzadutsa ku Namibia, Botswana ndi South Africa, komwe abale athu ambiri amakhala. Magalasi adzuwa ogula pamsika sateteza, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa nyali silitetezanso. Ngati mulibe magalasi opangidwira kadamsana, boolani kabowo kakang'ono pa katoni, mufulatire dzuwa, ndipo muonere chithunzi chake pa pepala loyera limene mwaika pansi. Aphunzitsi ndi makolo, auzeni ana zimenezi tsikulo lisanafike.