Njinga m'Mphepete mwa Nyanja ya Mcere

M'mwezi wa September, caka ca 2003, mwamuna wina wa ku South Africa, dzina lace Riaan Manser, anakwera njinga ku Cape Town nayamba ulendo wozungulira Africa yense motsata gombe la nyanja ya mcere. Analowera kumpoto ca kumadzulo, nabwerera ca kum'mawa, ndipo anafikanso pamalo pomwe anayambira mu November 2005, atapita m'maiko 34 ndi kupalasa makilomita 36,500 m'masiku 808.

Munthu wodziwa kuwerengera akagawa mtundawo ndi masikuwo, apeza makilomita 45 okha pa tsiku limodzi. Mtunda wotere sufika ngakhale pa ulendo wocokera ku Kitwe kunka ku Ndola, umene mwamuna wa pa mgodi wokhala ndi njinga yabwino angautsirize asanadye nsima ya masana. Nanga cimacedwetsa munthu wa pa gombe nciani? Ambiri amene sanaione nyanja amayesa kuti m'mphepete mwace muli cigwa cosalala, momwe njinga ingoyenda yokha. Si tero ai.

Mdani woyamba ndiye mphepo, ndipo mphepo ya pa gombe iri ndi mwambo wace. Dzuwa likakwera, nthaka itentha msanga koposa madzi. Mpweya wa pamtunda ukatentha ukwera kumwamba, ndipo mpweya wozizira wa panyanja uthamangira kumtunda kudzalowa m'malo mwace. Cifukwa cace mphepo imakula masana, nikhala yaukali dzuwa litapendeka. Usiku zitembenuka: nthaka izizira msanga, ndipo kamphepo kofatsa kacokera kumtunda kunka kunyanja. Tsono wa pa njinga wanzeru amadzuka tambala woyamba, kuti mtunda waukuru aupalase m'mamawa kuli bata. Wogonereza amalipira ndi miyendo yace. Phiri liri ndi pothera, ndipo kuseri kwace munthu atsika osapalasa, koma mphepo yoomba kumaso ingakhale naye tsiku lonse osambwezera kanthu.

Mphepo yomweyo inyamula mcere. Mcere ndi cinyezi zifulumiza dzimbiri, kotero kuti tcheni imene ikanakhala miyezi ku Mufulira osadandaula iyamba kufiira ndi kulira m'masiku owerengeka. Apa ambiri amalakwa pothira mafuta ocuruka, poyesa kuti acita bwino. Mafuta ocuruka agwira mcenga, ndipo mcenga wosanganizika ndi mafuta upera tcheni ndi mano ace ngati tupa. Coyenera ndico kutsuka njinga ndi madzi opanda mcere, kuipukuta iume, kuthira mafuta pang'ono, ndi kupukutanso otsala.

Cina ndi cakuti mseu sutsata gombe nthawi zonse. Ku Namibia cipululu ca Namib cifika m'madzi mwenimweni, ndipo pakati pa Lüderitz ndi Walvis Bay pali mapiri a mcenga opanda mseu. Kum'mwera kwa Lüderitz kuli nkhani imene anthu a pa migodi adzaimva msanga. Mu 1908 wanchito wa pa njanji, Zacharias Lewala, anatola mwala wa dayamondi pafupi ndi tauniyo, ndipo caka comweco Majeremani amene ankalamulira dzikolo anatseka dera lalikuru la gombe, lochedwa Sperrgebiet, kuti munthu wamba asalowemo. Motero woyenda pa njinga ayenera kupatuka ndi kulowa kutali m'kati mwa dziko, kumene midzi italikirana ndipo madzi ndi osowa. Madzi alemera: lita limodzi ndi kilogalamu imodzi. Wonyamula ocepa aika moyo wace pa ciswe, wonyamula ambiri acedwa ndi kuthyola masipoko, ndipo kuyesa pakati pa ziwirizi ndiyo nzeru yovuta koposa pa ulendo wonse.

Palinso masiku amene njinga siiyenda konse. Maiko 34 ndiwo malire ambiri, ndipo pa malire ambiri afuna cilolezo codindidwa m'pasipoti, cimene munthu amacidikira m'mizinda yaikuru. Manser anatsekeredwa ndi olamulira ku Equatorial Guinea. Ku Liberia, kumene nkhondo ya pacibale inali itangotha mu 2003, anagwidwa ndi anyamata a mfuti, ndipo anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Masiku otere awerengedwa pamodzi m'masiku 808 aja, ngakhale sanaonjeze kilomita ndi imodzi yomwe.

Kenaka pali mitsinje. Mtsinje ukafika m'nyanja, pamathero pace mpamene uli wotakata koposa, wa matope ndi mitsitsi, povuta kumanga mlatho. Woyenda pa gombe akomana ndi mitsinje yonse pamalo pace poipitsitsa, ndipo ayenera kudikira bwato kapena kukwera kumtunda kukafuna pooloka. Zambezi, amene ayambira kufupi ndi Mwinilunga ngati kamtsinje koti mwana angakalumphe, pofika ku Mozambique agawikana m'mifuleni yambiri, kotero kuti mseu waukuru wa dzikolo umuoloka ku Caia, kutali ndi nyanja. Pa zaka za ulendo wa Manser, magalimoto ndi njinga zinkaoloka pamenepo pa pantuni, ndipo malole ankaima pa mzere, nthawi zina masiku angapo, kudikira nthawi yao. Mlatho wa pa Caia unatsegulidwa mu 2009, zaka zinai Manser atafika kale kwao.