Windows XP: Nkhalamba yomwe idaphunzitsa ambiri kompyuta

Aliyense yemwe adalowapo m'kasitolo kotaipira makalata kapena m'malo olipira intaneti m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira chithunzi chimodzi: kaphiri ka msipu wobiriwira, thambo la buluu ndi timitambo toyera. Chithunzichi chinkaoneka kompyuta ikangoyatsidwa, ndipo m'munsi, chakumanzere, munkakhala kabatani kobiriwira kolembedwa kuti Start.

Ambiri ankangoti umo ndi momwe kompyuta imaonekera, osadziwa kuti pulogalamu yomwe ankaionayo ili ndi dzina lake, Windows XP. Mpaka lero makompyuta ena a kaunjika akadali nayo, ndipo kholo lomwe likufuna kugulira mwana kompyuta yotsika mtengo likhoza kukumana nayo. Nchifukwa chake ndi bwino kudziwa ubwino ndi kuopsa kwake ndalama isadatuluke m'thumba.

Kompyuta payokha ndi zitsulo, mapulasitiki ndi mawaya basi. Kuti igwire ntchito pamafunika pulogalamu yaikulu yomwe pa Chingerezi amati operating system. Pulogalamuyi ili ngati kapitawo pa esiteti: imalandira zomwe munthu walemba pa kiyibodi, imagawira mapulogalamu ena malo ogwirira ntchito, imasunga mafayilo komanso kutumiza kalata ku pulinta.

Kapitawo wakale wa kampani ya Microsoft, MS-DOS, yemwe adayamba ntchito m'chaka cha 1981, adali wovuta. Sikirini inkakhala yakuda bii, ndipo munthu ankayenera kuloweza malamulo a m'Chingerezi n'kumawataipa. Kuphonya chilembo chimodzi, makina ankakana.

Zinthu zidayamba kusintha pomwe kampani ya Apple idatulutsa Macintosh mu 1984, ndipo Microsoft idatsatira ndi Windows yoyamba mu 1985. M'malo moloweza malamulo, munthu ankangoloza kachithunzi ndi mausi n'kudina. Batani la Start lidabwera ndi Windows 95, koma iyo pamodzi ndi mng'ono wake Windows 98 zidali ndi mbiri youma gwa ntchito ili mkati, munthu n'kutaya zonse zomwe walemba.

Windows XP idatuluka pa 25 October 2001. Iyo idamangidwa pa maziko a Windows 2000, yomwe inkagwiritsidwa ntchito kwambiri m'makampani, kotero pulogalamu imodzi ikasokonekera, nthawi zambiri kompyuta yonse siinkagwa nayo limodzi. Siinkafunanso makina amphamvu: memori ya 64MB inkakwana kuti iyambe kuyenda, ngakhale eni ake ankalangiza 128MB. Foni ya memori ya 2GB imaposa mlingo wochepawo ka 32.

Maonekedwe ake adatengera tebulo la mu ofesi. Makalata ankasungidwa mu foda ya My Documents, zotayidwa zinkapita m'kabini ka Recycle Bin momwe munthu ankatha kuzitolanso akasintha maganizo, ndipo pulogalamu iliyonse inkatseguka m'kawindo kakekake. Bambo, mayi ndi ana ankatha kukhala ndi dzina ndi nambala yachinsinsi aliyense payekha pa kompyuta imodzi. Ana ambiri adazolowera kugwira mausi pojambula mu Paint, pomwe akuluakulu ankataya nthawi ndi masewero a makhadi a Solitaire.

Chithunzi cha kaphiri kaja, chomwe chimatchedwa Bliss, si chopanga pa kompyuta. Adachijambula ndi Charles O'Rear m'dera la Sonoma, ku California m'dziko la America, ndipo pamalopo padadzalidwanso mphesa.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Kutchuka kwa XP kudakopanso akathyali opanga mavairasi. Mu August 2003 vairasi ya Blaster idafalikira kudzera pa intaneti, n'kumachititsa makompyuta kuzima ndi kuyakanso okha. Chaka chotsatira Microsoft idatulutsa chigamba chachikulu chotchedwa Service Pack 2 chomwe chidalimbitsa chitetezo.

Njira ina yomwe mavairasi ankadzera ndi fulashi. XP inkatha kuyambitsa pulogalamu ya mu fulashi munthu akangoitsegula, kotero fulashi imodzi yochokera kotaipitsa inkatha kudwalitsa makompyuta a ofesi yonse.

Ngakhale zidali choncho, anthu adaikakamira. Windows Vista itatuluka mu 2007 ambiri adaikana kaamba koti inkalemera pa makina akale, ndipo ena sadasunthe ngakhale Windows 7 itabwera mu 2009. Mapeto ake, pa 8 April 2014, Microsoft idasiya kutumiza zigamba za chitetezo za XP.

Apa mpomwe pagona nkhani. Kompyuta ya XP ili ngati nyumba yomwe mmisiri adasiya kukonza maloko ake: chiboo chilichonse chomwe akuba angapeze chimakhala chosatsekedwa.

Dziko lidaona kuopsa kwa makompyuta osakonzedwa mu May 2017 pomwe vairasi ya WannaCry idagwira makina m'maiko oposa 150. Iyo inkatseka mafayilo n'kumalamula eni ake kulipira madola 300 kuti awatsegulire. Ku Britain zipatala zina za boma zidabweza odwala. Makompyuta ambiri omwe adagwidwa adali a Windows 7 omwe sadalandire chigamba, komabe zinthu zidafika poipa moti Microsoft idatulutsa chigamba chapadera cha XP, patadutsa zaka zitatu chiisiyireni. Chifundo chotere sichibwera tsiku lililonse.

Nawo mapulogalamu otsegulira intaneti adaitaya. Chrome idasiya kusamalira XP mu 2016, Firefox mu 2018, ndipo masamba ambiri a masiku ano satsegukanso bwino pa makina otere.

Izi sizikutanthauza kuti kompyuta ya XP ndi yotaya kudzala. Ngati siilumikizidwa ku intaneti, ikhoza kuthandiza mwana kuphunzira kutaipa, mlembi wa mpingo kulemba malipoti, kapena wa golosale kusunga mndandanda wa katundu. Choyenera kukumbukira nchakuti Word ndi Excel sizibwera pamodzi ndi XP. Zimaikidwa padera, choncho wogula afunse ngati zilimo.

Chosayenera ndi kuigwiritsa ntchito pa za kubanki, pa imelo kapena paliponse pofuna nambala yachinsinsi. Fulashi ya mlendo isalowetsedwemo mwachisawawa, ndipo mafayilo ofunika azisungidwanso pena, poti makina a zaka zambiri chonchi akhoza kufa tsiku lililonse.

Wogula asakhutire ndi mawu a wogulitsa okha. Kompyuta iyatsidwe pomwepo, adine My Computer ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties. Dzina la pulogalamu ndi kukula kwa memori zimaoneka poyera. Ngati banja likufuna intaneti, ndi bwino kusunga ndalama mpaka ikwane makina atsopanoko, kapena kupempha mmisiri wodalirika kuti aikemo mtundu wopepuka wa Linux, womwe ndi waulere ndipo umalandirabe zigamba.

Windows XP idagwira ntchito yake, ndipo ambiri omwe akudya za kompyuta lero adayambira pa kaphiri kobiriwira kaja. Nkhalamba yotere imayenera ulemu ndi ntchito zopepuka za pakhomo, koma si yoituma kumsika itanyamula chikwama cha ndalama.