KODI DZIKO LATHU NDI LOTENTHA CHAKA CHONSE?

Anthu ambiri amati Moçambique ndi dziko lotentha. Alendo ochokera kutali amatero. Ngakhale ena mwa ife, amene tinabadwira m'chigwa cha Zambezi kapena m'mbali mwa nyanja yamchere, timayesa kuti kulikonse kuli ngati kwathu. Mawu amenewa ndi oona mbali imodzi yokha. Munthu wowakhulupirira onse angathe kudwalitsa mwana wake. Angathenso kutaya mbewu zake. Tiyeni tione bwino.

Dziko lathu ndi lalikulu

Kuchokera ku mtsinje wa Rovuma kumpoto kukafika ku Ponta do Ouro kumwera, gombe la nyanja ndi lotalika makilomita oposa 2,400. M'kati mwa dziko muli zigwa, zidikha ndi mapiri. Phiri la Binga, m'chigawo cha Manica, ndilo lalitali koposa onse. Lili ndi mamita 2,436. Phiri la Namuli, m'chigawo cha Zambézia, lili ndi mamita 2,419. Dziko lotere silingakhale ndi nyengo imodzi.

Kumtunda kumazizira

Kutentha timakuyeza ndi madigiri, monga momwe timayezera chimanga ndi makilogalamu. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.

Taonani chigawo cha Tete. Mzinda wa Tete uli pansi, m'mbali mwa Zambezi, pa mamita osafika 200 kuchokera pa nyanja yamchere. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40. Anthu amagona panja pa mphasa. Koma Ulónguè, ku Angónia, ali pamtunda wa mamita oposa 1,200. Munthu wochoka ku Tete m'mawa ndi malaya amodzi, madzulo ake amafika ku Angónia akunjenjemera. Chigawo ndi chimodzi, dzuwa ndi limodzi, koma nyengo ndi ziwiri.

Ndi chimodzimodzi ku Tsangano, ku Lichinga m'chigawo cha Niassa, ndi ku mapiri a ku Manica. Kumeneko bulangete si chinthu chonyadira. Ndi chofunika monga khasu.

Miyezi yozizira

Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti dzuwa limayenda chakumpoto. Kuwala kwake kumatifika chopendekeka, ndipo usana umafupika. Choncho nthaka sitentha kwambiri. Usiku kumwamba kukakhala kopanda mitambo, kutentha kumene nthaka inalandira masana kumathawa msanga. N'chifukwa chake m'bandakucha wa Juni ndi Julayi ndiwo wozizira koposa.

M'miyezi yomweyi mphepo imachokera kumwera. Asodzi a pa nyanja ya Niassa amaitcha mwera, ndipo ikaomba sapita pakati ndi bwato. Mphepo yochokera ku nyanja yamchere ikagunda mapiri a ku Zambézia imabweretsa nkhungu ndi mvula yamawawa ya masiku angapo. Imeneyi ndiyo chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, m'dera la Milange. Ngakhale ku Maputo, kumene kuli nyanja, anthu amavala majuzi mu Juni ndi Julayi, chifukwa mzindawo uli kumwera kwenikweni.

Nyengo ndi mbewu

Mbewu iliyonse ili ndi kwawo. Ku Angónia ndi ku Tsangano kumachita bwino mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi mapichesi. Ku Tsangano amalimanso tirigu. Ku Gurué, kumene kuli mapiri ndi mvula yambiri, kuli minda ya tiyi. Ku Quelimane, kotentha ndi konyowa, kuli mitengo ya kokonati ndi mpunga. M'chigwa cha Zambezi, kotentha ndi kouma, kuli milambe, masau, mapira, mchewere ndi mbuzi.

Dziko likanakhala lotentha paliponse, sitikanadya kachewere wolimidwa kwathu konkuno. Kusiyana kwa nyengo ndi chuma chathu. Wa kumtunda amagulitsa kachewere ndi nyemba, wa kuchigwa amagulitsa mbuzi ndi nsomba.

Koma mlimi achenjere. Mbewu imene yabereka bwino kwa mlamu wanu kuchigwa mwina siingabereke kumtunda. Musanadzale mbewu yachilendo, funsani akuluakulu a pamalopo ndi mlangizi wa zaulimi. Yambani ndi kamunda kakang'ono.

Chisanu m'dimba

Mpweya wozizira ndi wolemera. Usiku umatsika m'phiri ngati madzi, n'kukadikha m'dambo. Kuzizira kukafika pa digiri 0, udzu umayera mbee ngati wawazidwa mchere. Dzuwa likatuluka, masamba a tomato, nyemba, maungu ndi kachewere amakhala atawauka ngati padutsa moto. Kabichi ndi nsawawa zimapirira.

Tingachite izi. Mbewu zoopa chisanu tizidzale chakumtunda kwa dimba, osati pansi penipeni pa dambo. Nazale tiifunditse udzu wouma madzulo, ndi kuuchotsa m'mawa. Tithirire dimba masana, chifukwa dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa dothi louma.

Tisamale moyo

Mwana wakhanda amazizidwa msanga kuposa munthu wamkulu. Mayi amugoneke pachifuwa pake, amuveke chipewa, ndi kumufunditsa nsalu youma. Asamusambitse m'mamawa kukuzizira.

Nyengo yozizira timadzaza m'nyumba, titatseka zitseko, utsi uli tolotolo. Pamenepo chimfine ndi chifuwa zimafala mosavuta. Mwana akamapuma mofulumira, ndipo nthiti zikamalowa m'kati popuma, chingakhale chibayo. Musadikire mawa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha. Umapha anthu ali m'tulo. Ana aang'ono asagone pafupi ndi moto.

Pali bodza linanso. Ena amati kumtunda kozizira kulibe malungo. Udzudzu umachepa m'miyezi yozizira, koma sutha, ndipo mvula ikagwa umachulukanso. Tigone m'masikito chaka chonse.

Pokonzekera ulendo, funsani za nyengo ya kumene mukupita. Pokonzekera chaka, gulani bulangete la ana mukangogulitsa zokolola, Juni asanafike. Walira mvula walira matope: wofuna kachewere wa kumtunda akonzekerenso kuzizira kwake.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani ku Ulónguè kumazizira kuposa ku Tete?
2. Kodi dzina loti chiperoni linachokera kuti?
3. Tchulani mbewu ziwiri zoopa chisanu ndi ziwiri zopirira.
4. Kodi mbaula ya makala ndi yoopsa bwanji usiku?

Tikambirane: Kodi kwanu kuno mwezi wozizira koposa ndi uti? Nanga makolo athu ankateteza bwanji mbewu ndi ana pa nyengo imeneyi?

Lembani m'kope mawu awa: nyengo, chisanu, chigwa, phiri, mwera, bulangete.